Mnofu wabodza mumtsuko wanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji? Kumatenthanso ngati kuno? Ndikufunsa chifukwa inu ndi dzuwa simunkamwerana madzi, ndiye malata athu akayamba kuthetheka masana ndimangoti kaya mayi anga anawapatsa malo a mthunzi. Ndine Asiyatu wanu, yemwe uja munkati adzafa ndi mafunso. Sindinasinthe, ndipo lero ndabwera nawo ena.

Kuno ku Mbare tilipo, Alhamdulillahi. Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Rudo, mkazi wa mlongo wanga Yusufu, anachira bwinobwino; ndi mwana wamkazi. Tinamupatsa dzina lanu, moti dzina limene tinkaopa kulitchula inu muli moyo, lero likungomveka m'nyumba monse: Mariamu wakodza, Mariamu walira, tamunyamulani Mariamu. Ababa okha ndiwo linawakanika, ankangoti "mayi wamng'onoyo." Makutu ndi anu enieni, otambalala ngati akumvetsera za eni. Yusufu sanamuonebe mwana wake. Anawoloka kupita ku Joni mimba ili yaing'ono, ndipo akaimba foni amalankhula mothamanga, moni asanathe foni yaduka.

Kamunda kathu ka m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi tinadzalanso. Chaka chatha anatikololera anthu achifundo ife tili m'tulo, anatisiyira mapesi. Chaka chino chimanga chafika m'mawondo, ndipo mbewu yake ndi ya mtundu uja munkasunga m'chitini pamwamba pa kabati. M'mashopu muli mashelefu okhaokha. Mipope inauma kalekale, madzi tikukatunga kumjigo wa kuseri kwa mzikiti, ndipo matenda otsekula m'mimba alowa m'mafulati mwa anzathu. Madzi akumwa tikuwiritsa monga munkanenera, ngakhale nkhuni zake n'zosowa. Denga likudonthabe pomwe paja, pamwamba pa makina anu osokera. Kumanda ndinapitako mvula isanayambe, ndinazula udzu, ndipo ndinapeza kuti mwapeza oyandikana nawo ambiri atsopano. Ena mukuwadziwa, muwapatse moni.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndikulembereni si chimenechi. Amayi, amuna anu anasiya kudya. Kuyambira mwezi wa Okutobala Ababa anayamba kukana chakudya chophika ine, mpaka lamba wawo ndinamuboola mabowo ena ndi msomali, ndipo ngakhale lero mtima wanga sunakhale pansi. Ndikuuzeni mmene zinayambira, chifukwa mlandu wake ukukhudza mtsuko wanu.

Kumusika ndinasiya. Matimati anthu ankangowayang'ana n'kudutsa, ine n'kumabwera nawo kunyumba atafewa. Mukuwakumbuka mayi aatali aja a magalasi, amene ankasankha matimati limodzilimodzi mpaka inu n'kumang'ung'udza kuti kodi akufuna kuwafunsira ukwati? Ha, kani ndi dokotala! Osati wobaya jakisoni ayi, wa makina. Dzina lawo ndi a Dokotala Nyoni. Ali ndi kachipinda ku Workington, kuseri kwa fakitale ina yowotcherera zitsulo, ndipo ananditenga kuti ndizitsuka mabotolo. Sipanapite nthawi, anatopa ndi mafunso anga. Anati, "Iwe, m'malo mondifunsa uli kumbuyo kwanga, bwera uime pasikelo apa uzione wekha." Ndinaseka ndekha pokumbukira inu mukundikalipira kuti mwana wamkazi safunsa chilichonse, kenaka nokha n'kutembenuka kuti paja safunsa anadya phula.

Chimene akupanga ndi nyale yoonera mitsempha. Mukudziwa mmene anamwino ankavutikira nanu masiku omaliza aja, kubaya apa, kubaya apo, kufuna poika diripi, inu mutangoluma mpango. Munthu akatsekula m'mimba madzi n'kumuthera, mitsempha imaphwa, ndipo pakhungu lakuda ngati lathuli sioneka n'komwe. Akakhala mwana ndiye kumangokhala kulira kokhakokha, mayi ake akuyang'ana kukhoma. Nyale ya a Dokotala imatulutsa kuwala kofiira, kwina kofiira mopitirira mwakuti diso la munthu silikuona, koma kamera imakuona. Kuwalako kumalowa m'mnofu n'kubwerera. Magazi okha amakumeza, ndiye pagalasi la kompyuta mtsempha umaoneka ngati mzere wakuda. Tsiku loyamba kuona zimenezi ndinakumbuka kufamu ku Banket, ndili kamwana, nditafumbata tochi ya Ababa, zala zanga zitafiira ngati makala. Ndinakuwa kuti Amayi ndikupsa! Inu munangoti, "Ndi magazi akowo, bweza tochi usathe mabatire." Kani munkazidziwa zinthu zimenezi? Nanga bwanji simunandiuze zambiri?

Tsono nyale yotere sungayambe n'kuiyesa pa mwana wodwala. Ikakunamiza, wolira ndi mwana wa eni. Ndiponso mkono wa munthu sukuuza pamene pali mtsempha, ndiye ungadziwe bwanji kuti nyale yanena zoona? N'chifukwa chake timayamba taumba mnofu wabodza, ndipo imeneyi ndiyo ntchito yanga. Ndimatenga ufa wina wachikasu wotchedwa jelatini, womwe uja amapangira jeli wa ana a mabwana, n'kuusungunula m'madzi ofunda. Ndimathiramo mkaka waufa pang'ono, chifukwa mkaka umabalalitsa kuwala monga mnofu umachitira, ndi kadontho ka inki. Kuthira mkaka m'chinthu chosadyedwa masiku ano kumandiwawa, sindinama, supuni iliyonse ndimaiyang'ana kawiri. Ndisanathire m'chikombole ndimamanga kachubu kopyapyala kuchokera uku kufika uko, n'kuyeza kuya kwake ndi rula, n'kudzazamo inki. Umenewo ndiwo mtsempha. Pamwamba ndimathira khungu, losakaniza ndi khofi wakuda bii. M'mabuku a kunja khungu lake amalilemba lotuwa, ndiye a Dokotala anati ife tiziumba la anthu amene adzagone pabedi kuno.

Musayese n'zophweka. Ukatakasa mwaphuma mumalowa timathovu, ndipo kathovu kamodzi kamasokoneza kuwala konse. Ukathira khungu pansi pasanagwirane, zimasakanikirana. Ukachedwa, khungu limasendeka lokha ngati la mbatata yophika. Masiku oyamba ndinawononga ingapo, ndipo a Dokotala sankakalipa, ankangondifunsa kuti ukuganiza kuti chalakwika n'chiyani. Bola kukalipa! Ndinaphunzira kutakasa pang'onopang'ono ndikubwereza mawu anu aja akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Zikayenda bwino chimatuluka chinthu chonga kanjerwa, chozizira, chonjenjemera, ndipo ukachidina ndi chala chimabwerera. Amayi, n'zodabwitsa zedi. Ine amene ndinaika mtsempha ndimadziwa pamene uli, nyale sidziwa. Ndiye timaifunsa, ine ndili phee, kudikira ngati iupeze.

Vuto lake, mnofu umenewu umaopa kutentha kuposa inu. Tsiku lina magetsi anapita m'mawa, jenereta ya afakitale ilibe dizilo, firiji n'kuyamba kutuluka thukuta. Ntchito yonse ikanasanduka phala. Ndinati, a Dokotala, kwathu kuli firiji yosafuna magetsi. Mnofuwo ndinaukulunga m'thawulo yonyowa n'kuyenda nawo wapansi mpaka kunyumba, n'kuuika m'kabakuli koyandama pamadzi mumtsuko wanu uja wa pakona. Ababa anali pamkeka. Mukuwadziwa, mafunso angawa ndinatengera iwowo, ngakhale amakana. Anavundukula, anadina ndi chala, ananunkhiza, anadinanso. "Nyama yanji yopanda fupa?" Ndinawafotokozera zonse, iwo akugwedeza mutu, maso ali gwa. Kenaka anafunsa funso limene ine mwini mafunso ndinali ndisanalifunsepo: ufa wachikasuwo amaupanga ndi chiyani?

Mawa lake ndinakafunsa. A Dokotala anayankha ali kalikiliki ndi mawaya, osatembenuka n'komwe: "Chikopa cha nkhumba." Mayo ine! Miyezi yonseyi ndinkaugwira ndi manja, popeza magolovesi anatha kalekale. Panjira ndinalingalira zonama, koma munandilera ndinu, ndipo pakamwa panga sipasunga kanthu. Nditawauza, Ababa sanakalipe. Anangoti "Astaghafirullah," n'kutuluka panja, n'kutsuka chala chija kasanu ndi kawiri, kamodzi ndi dothi, monga mwa lamulo. Mtsuko wanu anaunyamula okha n'kukauika kuseri kwa nyumba mozondotsa. Madzulo nditawaikira mbale, anaikankha ndi kumbuyo kwa dzanja. "Manja ogwira najisi sandiphikira ine. Mpatse mayi wa mwanayo."

A Dokotala atamva anapepesa kwambiri, anati sanaganizeko. Anati ufa wa ng'ombe uliko kunja, koma angatibweretsere ndani masiku ano? Ndiye ine ndinkati ndikaweruka, kusamba m'manja kasanu ndi kawiri, ndi dothi lomwe, madzi ake osenza pamutu kuchokera kumjigo, mpaka zala zinang'aluka. Ndinapita kwa shehe, iwo anati mwana wanga, ukasamba choncho wayera, palibenso mlandu. Ndinawauza Ababa. Anati shehe ameneyo ndi mwana wadzulo. Rudo anati aziphika ndiye, koma anali akadali m'chikuta, ndipo atatuluka Ababa anati mapoto onse ndinawagwira kale ine. Ankangomwa tiyi wopanda shuga wowiritsa okha m'kachitini, ndi chimanga chokazinga cha m'dzanja limodzi. Masana ankavala kofiya yawo n'kunena kuti akukadya kumzikiti ndi anzawo. Pa mapemphero anayamba kuswali atakhala pansi, akuti mawondo. Ine ndinakwiya, Amayi, ndisabise. Ndinkati munthu wamkuluyu akufuna ndisiye ntchito imene ikutidyetsa chifukwa cha chala chimodzi?

Pa Idi ya nsembe anthu ena achifundo anapereka ng'ombe kumzikiti. Titalandira kagawo kathu ka nyama, ine ndinakapemphanso mang'ina, amene kuno amati mazondo, ndi zidutswa za chikopa cha kumutu zimene zinali zoti zitayidwe. Azimayi anandiseka, akuti Asiyatu wayamba kusoka nsapato. Ndinali nditawafunsa kale a Dokotala ngati jelatini sangatuluke mmenemo, popeza msuzi wa mang'ina ukagona umagwirana. Anati, "Kutuluka angatuluke, koma kaya akhala woyera mokwanira. Yesa tione." Ng'ombe yozingidwa ndi shehe, dzina la Mulungu litatchulidwa. Ndinati apa ndiye Ababa anena chiyani?

Ndinakhala pabwalo ndi mpeni n'kuyamba kupala. Iwo anali pampando, akuchita ngati akuwerenga nyuzipepala yakale. Sanapirire. Munthu amene anasenda ng'ombe za mzungu zaka zonse zija angaonerere mwana akuseweretsa mpeni? "Asa! Ukupala kapena ukusisita? Bweretsa kuno." Anawawula ubweya, anapala mpaka mbee, anachotsa ziboda, chikopa anachiviika m'madzi a phulusa. Mpeni sunaphonye. Tsiku lowiritsa ndinawauza mawu a a Dokotala, akuti madzi asabwadamuke, azingotentha chamumtima. Anakhala pambali pa moto tsiku lonse akuchotsa mafuta oyandama ndi supuni, pakamwa posapuma. Mkaka ulowa nthawi yanji? Khofiyo bwanji osangothira makala osinja? Nanga kuwala kukalowa m'thupi, kumene sikunabwerereko kumapita kuti? Limeneli ngakhale ine linandigwira. Ndinakafunsa, akuti kumasanduka kutentha pang'ono, kosamveka n'komwe. Ndiye kuti dzuwa lonse lija munkadana nalo linkatsalira mwa inu, eti?

Mnofu woyamba unakanika. A Dokotala atauika panyale, pagalasi panangoti mbuu ngati nkhungu. Anati mwatsalira mafuta, ndipo mnofu woyesera uyenera kutuluka chimodzimodzi lero ndi mawa, apo ayi sudziwa ngati wolakwa ndi nyale kapena mnofuwo. Ababa atamva anakhumudwa kuposa ine. Anatsegula sutikesi yanu, imene salola munthu kuigwira, n'kutulutsa mpango wanu woyera uja wa ku mapemphero a Juma. "Sefera apa. Mwini wake sakanakana." Kodi mukanakana? Ine ndikuganiza kuti mukanayamba mwakana kaye, kenaka n'kugwira mbali ina ya nsaluyo. Tinasungunulanso, tinasefa mobwerezabwereza, n'kuugoneka mumtsuko, umene Ababa anautsuka okha ndi dothi n'kuubwezera pakona pake. Wachiwiriwu unatuluka woyera ngati tiyi wosakolera. A Dokotala atauyeza anati tingathe kuugwiritsa ntchito, bola mphika uliwonse tiziuyeza pawokha.

Tsiku limenelo ndinabwera kunyumba ndikuimba. Botolo la ufa wa nkhumba linali litatsekeredwa m'kabati kuntchito, manja anga oyera, mapoto ndinawakwecha onse ndi mchenga iwo akuona. Ndinaphika bonongwe ndi kanyama kofutsa ka pa Idi, n'kuwaikira mbale. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, "Dzino likundiwawa. Mpatse mayi wa mwanayo."

Dzino! Amayi, dzino liti? Munthu wokukuta chimanga chokazinga tsiku ndi tsiku? Mawa lake kumjigo ndinakumana ndi akazi a shehe, ndipo ndinawathokoza chifukwa chowadyetsa Ababa masana onsewa. Anatula ndowa pansi. "Kudyetsa ndani? Bambo ako tikawaitanira pambale amati adya kale kunyumba, akuti mwana wawo amaphika ngati malemu mayi ake." Pomwepo mawu anu anandibwerera, aja munanena chaka cha chilala kufamu, Ababa atayamba kufunga, kusala kudya masiku osalamulidwa: "Bambo ako akachulutsa kupembedza usayang'ane kumwamba, yang'ana m'thumba la ufa." Ine ndinkayesa nthabwala za anthu okwatirana. Ndinathamanga kukasuzumira m'thumba lathu. Likanayenera kutha kalekale, koma munali mukadali ufa. Nkhumba ija inawanyansadi, chala chija sanatsuke mwachiphamaso ayi. Koma itawapatsa chifukwa, anachigwira ndi manja awiri, kuti mbale yawo izipita kwa Rudo, Rudo akhale ndi mkaka, dzina lanu lisafe kawiri.

Ndinalira, kenaka ndinapsa mtima, kenaka ndinaliranso. Koma ungawauze bwanji bambo wokubala kuti mwanama? Inu munkatani? Limeneli ndiye funso limene ndikanakonda mutandiyankha, chifukwa ndikukumbuka kuti chaka chija anayambanso kudya, koma mankhwala amene munawapatsa sindinawaone.

Ine ndinawagwirira pa chidwi chawo. Ndinati, "Ababa, mnofu wanu uja ukuyesedwa mawa. Simukufuna kukaona?" Anayamba kupukuta nsapato ndisanamalize. Tinanyamuka m'mamawa wapansi, ndipo ulendo umene ine ndimayenda osapuma, iwo anakhala pansi kangapo, akunamizira kumanga zingwe za nsapato. Mwamwayi magetsi analipo. A Dokotala anawalandira powaombera m'manja mwa Chishona, n'kupepesanso za ufa uja. Anaika panyale mnofu umene ndinauumba motsanzira mkono wa wodwala amene madzi amuthera, kachubu kake kopyapyala ngati ulusi. Pagalasi panatuluka kamzere kotuwa, kovuta kukaona, koma pamalo enieni pamene ndinakaika. Ababa anadzuka pampando. "Yaupeza! Wallahi yaupeza! Ndiye ingapezenso wanga?"

Anapinda okha mkono wa malaya. Amayi, mkono uja unkanyamula thumba la feteleza n'kuliponya pathirakitala. Ine ndinayang'ana kumbali. A Dokotala anauika panyale, anasunga chithunzi, n'kuchiika pambali pa choyamba chija. Ababa anasendera pafupi, anayang'ana uku, anayang'ana uko, akumwetulirabe. "Tsono wanga ndi uti, wabodza ndi uti?" A Dokotala anatsina pang'ono khungu la padzanja lawo, ndipo atalisiya linangoima osabwerera. Anavula magalasi. "Baba, wanu ndi wa kumanjawu. Nyale yanga sidziwa ngati munthu wadya kapena ayi, musaiope. Koma ine ndili ndi maso. Matenda ali kunjawa atakugwirani, namwino angavutike ndi mkono uwu monga angavutikire ndi uwo tinachita kuumba dalawo."

Tinabwerera kunyumba. Titafika ndinamukokera Rudo kuseri kwa nyumba n'kumuuza zonse. Mukumudziwa mlamu wangayu, wamanyazi, chikwatiwire sanawayang'anepo Ababa kumaso, ndipo Chichewa chake n'cha mwendo umodzi. Anandimvetsera atagwira pakamwa, n'kungoti, "Ndamva, tete," monga amanditchulira mwa kwawo. Nthawi ya chakudya anatenga mbale ziwiri, yake ndi ya Ababa, anagwada, n'kuziika zonse patsogolo pawo. Kenaka anamasula mwana kumsana n'kumugoneka pamkeka pafupi ndi mbalezo. "Baba, ine ndadya chakudya chanu osadziwa. Ndakhuta manyazi. Kuyambira lero, inu kudya, ine kudya. Inu kusiya, ine kusiya. Ndiye uyu mumuuze nokha."

Mwana anali maso, akuponya timiyendo. Ababa anamuyang'ana, anayang'ana Rudo, anayang'ana ine. Ndinaweramitsa mutu koma sindinachoke. Kenaka anati, "Asiyatu, madzi osamba m'manja ali kuti? Kapena anathera nkhumba yako ija?" Ndinawathirira ndi manja angawa, madzi akutayikira pambali. Anati Bismillah, n'kuyamba kudya. Ali pakati anaweramira mwana uja n'kunena chapansipansi, "Mwapambana, Mariamu. Mumapambana nthawi zonse inu." Aka kanali koyamba kulitchula dzinalo chichokereni inu, ndipo sindikudziwa ngati ankauza wamng'onoyo.

Musaganize kuti zatheratu. Akudya, koma ndawagwira kale akukankhira ndiwo kumbale ya Rudo akaona ngati tayang'ana kumbali, ndipo Rudo amazibweza. Ufa nawo ukutha msanga tsopano, chimanga chikadali kutali ndi ngaiyaye. Nyale ikadayesedwabe pamnofu wabodza, sinafike kuchipatala, ndipo a Dokotala akuti sailola kupita isanasiye kuphonya mitsempha yakuya. Mang'ina ena Ababa akawapempha kwa mnzawo wozinga ng'ombe, ndipo akuti moto wake asayatse wina koma iwo. Lachisanu akachoka ku Juma amadzera ku Workington, akuti akaone ngati mzere wawo wayamba kuda kuposa wabodza uja. Sabata yathayi anabwerako akunena kuti wayamba, ngakhale a Dokotala anati tisathamange. Mpango wanu ndinauchapa, koma pakati pasanduka pachikasu. Mundikhululukire.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Ndikudziwa kuti mwawasowa, ndipo iwonso akusowani, chifukwa sutikesi ija ndimaimva ikutseguka ine ndili panja. Koma mukakumana nawo m'maloto, chezani nawo, akalipireni za mbale, kenaka muwauze abwerere. Musawaitane. Kumeneko muli ndi amayi anu, achimwene anu, ndi anthu onse a kufamu aja. Ife kuno tili ndi iwo okhawa. Ine ndikulonjeza kuti ndiziyamba ndasuzumira m'thumba la ufa ndisanayang'ane kumwamba, ndipo ndidzawabweza kwa inu mochedwa kwambiri, lamba atabwerera pabowo lake lakale.

Ndine mwana wanu wokukondani, wa mafunso uja,
Asiyatu